Werengani mabowo musanagule: kusankha ndi kuika mapepala olumikizana mu pulinta ya singano

Chaka china mvula ili mkati ndinaitanidwa ku sitolo ina ya holoselo, ati pulinta yawo yapenga. Invoyisi yoyamba inkatuluka bwinobwino. Yachiwiri mawu ankatsikirako. Pofika yachisanu, dzina la kasitomala linali pamalo olembapo katundu, ndalama zolipira zitagwera pa invoyisi ya munthu wina. Mwini sitolo anali atauzidwa kale kuti makinawo atha, agule ena. Ine sindinamasule ngakhale sikuluwu imodzi. Ndinangowerenga mabowo a m'mphepete mwa tsamba limodzi, n'kupeza 22. Ndiye kuti tsambalo linali la mainchesi 11, pomwe kompyuta inkayesa kuti ikusindikiza pa A4. A4 kutalika kwake ndi mamilimita 297, tsamba la mainchesi 11 ndi mamilimita 279, choncho pa invoyisi iliyonse makina ankakoka pepala mopitirira ndi mamilimita pafupifupi 18.

Mapulinta a singanowa, omwe amalonda amati dot matrix, ndi aphokoso komanso zilembo zake si zokongola, koma sanachoke m'maholoselo, m'madepoti ndi m'maofesi a malipiro. Chifukwa chake n'chimodzi: amamenya pepala, ndiye kumenya kumodzi kumalemba makope awiri, atatu kapena anayi nthawi yomweyo, zomwe pulinta ya laser singachite. Koma amafuna pepala lawo lenileni, ndipo ambiri mwa mavuto amene anthu amanamizira makina amayambira pogula pepala.

Choyamba: dziwani mayina amene wogulitsa adzatchule

Pepala lake ndi limodzi, lalitali, lopindidwa uku ndi uku m'katoni, koma mayina ndi ambiri. Mumva continuous form, continuous stationery, fanfold, listing paper, kapena kungoti computer paper. Ena amalitchula potengera momwe makina amalikokera: tractor feed, pin feed, sprocket feed. Musasokonezeke, chinthu chake n'chomwecho. Thirakitala ya mu pulinta si yolimira, ndi timalamba tiwiri tokhala ndi mano amene amalowa m'mabowo a pepala n'kumalikoka.

Mabowowo muyeso wake ndi umodzi kulikonse: lililonse kukula kwake ndi pafupifupi mamilimita 4, ndipo kuchokera pakati pa bowo kufika pakati pa linzake ndi theka la inchi, mamilimita 12.7. Ichi ndicho chimatilola kuyeza tsamba popanda lula.

Mizere yong'ambira, yomwe amati perforation, ilipo mitundu iwiri. Wopingasa umalekanitsa tsamba ndi linzake, ndipo ndi pomwe pepala limapindikira. Woimirira uli m'mbali, ndi wochotsera kachingwe ka mabowo mukamaliza kusindikiza. Si pepala lililonse lili ndi wa m'mbaliwu, ndiye mufunse. Mukamva micro perf kapena clean edge, akunena mzere wobowoledwa timabowo ting'onoting'ono kwambiri moti mukang'amba m'mphepete mumasalala ngati modula ndi lumo. Pa kalata yopita kunja kwa ofesi n'ngwabwino. Pa mainvoyisi a tsiku ndi tsiku ine sindiukonda kwenikweni, chifukwa pa makina okoka mwamphamvu umang'ambika nthawi yake isanakwane.

Mawu oti part kapena ply akutanthauza chiwerengero cha mapepala osanjikizana pa seti imodzi: 2-part ndi loyamba ndi kope limodzi, 3-part loyamba ndi makope awiri. Chimene chimagwira mapepala osanjikizanawo kuti asasiyane amati crimp, timalilime ta pepala totsindikizidwa m'mbali pakati pa mabowo. Ena amamata ndi guluu.

Chachiwiri: yezani, ndipo muyambe ndi mulifupi

Miyeso ya mapepala awa imalembedwa mulifupi poyamba, kutalika pambuyo, ndipo mulifupimo amawerengeramo mbali za mabowo. Pepala lodziwika kwambiri ndi la mainchesi 9.5 x 11, mamilimita 241 ndi 279. Mukachotsa theka la inchi mbali iliyonse mumatsala ndi 8.5 x 11, saizi ya ku America yotchedwa Letter, osati A4 yomwe tinazolowera m'maofesi mwathu. Apa ndi pomwe ambiri amagwera.

Liliponso lina lalikulu la mainchesi 14 7/8 x 11. Mbiri yake ndi ya makina akale: pulinta ya IBM 1403, yomwe inatuluka mu 1959, inkalemba zilembo 132 pamzere umodzi, zilembo 10 pa inchi. Amenewo ndi mainchesi 13.2, ndiye kuwonjezera malo a mabowo pepala linafika pamenepo. Lambiri la saizi imeneyi limakhala ndi mikwingwirima yobiriwira, green bar, yothandiza diso kuti lisasochere potsatira manambala pamzere wautali chotero. Pepala limeneli sililowa mu pulinta yaing'ono ya zilembo 80 pamzere ngati Epson LX-350, yomwe imalandira mulifupi wa mainchesi 4 mpaka 10. Limafuna yotambalala, ya zilembo 136. Ngati lipoti lanu lili ndi zilembo 132 koma pulinta ndi yaing'ono, musathamangire kugula ina. Sankhani zilembo zopanikiza, condensed, zomwe zimakwana pafupifupi 17 pa inchi, ndipo zilembo 137 zimalowa m'mainchesi 8.

Kutalika ndiko kofunika kuposa zonse. Tambasulani masamba awiri kapena atatu, muwerenge mabowo a mbali imodzi kuchokera pa mzere wopingasa kufika pa wotsatira, kenako mugawe pawiri. Mabowo 22 ndi mainchesi 11. Mabowo 24 ndi mainchesi 12, saizi yofala pa mapepala ochokera ku Ulaya. Mabowo 11 ndi mainchesi 5.5, theka la tsamba, lomwe ambiri amagwiritsa ntchito pa malisiti ndi mapepala a malipiro. Mabowo 12 ndi mainchesi 6, ndipo ndaonapo anthu akusokoneza 5.5 ndi 6 chifukwa poyang'ana ndi maso zimafanana.

Pulinta imaganiza m'mizere, osati m'mamilimita. Mwachizolowezi imalemba mizere 6 pa inchi, choncho tsamba la mainchesi 11 ndi mizere 66, la 12 ndi mizere 72, la 5.5 ndi mizere 33. Manambala amenewa alembeni pa kapepala mumate pa makina.

Pali saizi imodzi yachinyengo. Pepala lolumikizana lotsanzira A4 limakhala la mainchesi 11 2/3, mizere 70. Kutalika kumeneku sikugawika bwino ndi theka la inchi, ndiye mabowo sagwera malo ofanana pa tsamba lililonse. Mukawerenga tsamba limodzi mupeza 23 ndi kanthu. Werengani masamba atatu: mukapeza 70, ndi limeneli. Chizindikiro china n'chakuti mzere wopingasa pena umadutsa pafupi ndi bowo, pena patali.

Chachitatu: sankhani makope ndi kulemera kwa pepala

Funsani kaye kuti makope akupita kwa yani. Kasitomala, akaunti, sitolo ya katundu: amenewo ndi atatu. Musawonjezere lachinayi "mwina lidzafunika", chifukwa kope lililonse lowonjezera limachititsa kuti lapansi lisaoneke bwino. Komanso makina ali ndi malire. LX-350, ya singano 9, imakwanitsa loyamba ndi makope anayi. LQ-350, ya singano 24, imalemba zilembo zosalala koma imalekeza pa loyamba ndi makope atatu, poti singano zake ndi zopyapyala. Ngati ntchito yanu ndi ya makope ambiri, ya singano 9 ndiyo bulu wa katundu.

Kale pakati pa mapepala ankaika kaboni wakuda uja wodetsa m'manja. Masiku ano ambiri ndi opanda kaboni, otchedwa NCR, dzina lochokera ku kampani ya ku America ya National Cash Register yomwe inayamba kuwagulitsa mu 1954. Kuseri kwa pepala lapamwamba kumapakidwa timatumba ta mankhwala tosaoneka ndi maso. Singano ikamenya, timatumbato timaphulika, mankhwala n'kukumana ndi ena opakidwa pamwamba pa pepala lotsatira, mtundu n'kutuluka. N'chifukwa chake pa katoni mumaona zilembo izi: CB ndi lapamwamba, lopakidwa kuseri kokha, CF ndi lapansi, lopakidwa kumaso kokha, CFB ndi lapakati, lopakidwa mbali zonse. Mitundu yake nthawi zambiri imakhala loyera pamwamba, kenako lachikasu kapena lapinki. Mukatembenuza seti n'kusindikiza chakuseri, makope atuluka opanda kanthu. Kuti mudziwe mbali yoyenera, kandani ndi chikhadabo pakona. Ngati pepala lachiwiri laonetsa mzere, mbali imeneyo ndiyo yolembapo.

Kulemera kumalembedwa m'magalamu pa sikweya mita, gsm. Pa mapulinta ang'onoang'ono a Epson, pepala limodzi lokha limayenda bwino pakati pa 52 ndi 82, pomwe la makope pepala lililonse lizikhala pakati pa 40 ndi 58. La 60 limakwanira malipoti a m'kati mwa ofesi, la 70 kapena 80 ndi la zikalata zosungidwa nthawi yaitali. Katoni ikalembedwa mwa chi America, m'mapaundi, chulukitsani ndi 3.76: 20 lb ndi pafupifupi 75 gsm, 15 lb ndi pafupifupi 56. Seti yonse ikasanjikizana isafike theka la milimita kukhuthala pa makina ang'onoang'onowa.

Ndipo pofunsa mtengo, mufunse ngati nambala ya pa katoni ndi ya mapepala kapena ya maseti. Mapepala 1,000 a 2-part ndi mainvoyisi 500 okha.

Chachinayi: ngati mukusindikizitsa fomu yanuyanu

Apa ndi pomwe ndalama zimatayika zambiri, chifukwa fomu yolakwika simungaibweze. Osindikiza asanayambe, apatseni invoyisi yeniyeni yotuluka mu pulogalamu yanu, yosindikizidwa pa pepala loyera la saizi yomweyo, kuti mabokosi a fomu awajambule motsatira pomwe mawu akugwera. Kuchita chosemphanitsa, kujambula fomu yokongola kenako n'kumakakamiza pulogalamu kuti iilondole, ndi ntchito ya masiku.

Mabokosiwo atsatire mayendedwe a makina. Chotsika, chilichonse chikhale m'magawo a 1/6 ya inchi. Chopingasa, m'magawo a 1/10. Wojambula akayala mizere ya katundu motalikirana mamilimita 5 chifukwa ndi nambala yooneka bwino, pomwe pulinta imatsika mamilimita 4.23 pa mzere uliwonse, pofika katundu wachisanu ndi chiwiri mawu adzakhala atasemphana ndi bokosi lake ndi mzere wathunthu.

Siyani malo m'mbali, osachepera mamilimita 13 kuchokera m'mphepete, kuti singano zisamenye pa mabowo kapena pa crimp. Pamwamba ndi pansi pa mzere wopingasa siyaninso mamilimita angapo, mzere umodzi kapena iwiri. Singano ikakodwa pa bowo imapindika, ndipo mutu wa pulinta, womwe umanyamula singanozo, si wotchipa. Nenani momveka ngati mukufuna manambala otsatizana pa fomu iliyonse, mtundu wa kope lililonse, komanso ngati crimp ikhale mbali zonse ziwiri. Mastepulo achitsulo ayi, amawononga mutu. Pomaliza pemphani maseti makumi angapo oyesera, muwayendetse mu pulinta yanu yomwe, musanavomere makatoni onse.

Chachisanu: katoni ikafika

Itsekuleni wobweretsa asanachoke. Tengani masamba angapo muyang'ane kudzera m'mabowo polozetsa kowala: pa seti ya makope, mabowo a mapepala onse ayenera kugwera pamodzi. Onani ngati tizidutswa tozungulira totsala pobowola tachokamo, chifukwa timeneto timadzaza m'makina. Yang'anani popindikira. Pakatukumuka ngati kadenga, zomwe amati tenting, pamakodwa pa mutu kapena pa riboni ya inki.

Pepala limamwa chinyezi. Nyengo ya dzinja, katoni yosiyidwa pa simenti imafufuma, masamba n'kukhala ndi mafunde, mabowo n'kufewa moti mano a thirakitala amawang'amba. Ikani makatoni pa thabwa kapena pa shelufu, chogona, m'pulasitiki yake, kutali ndi khoma lonyowa ndi zenera. Yochokera ku sitolo ya katundu ilowe m'chipinda chosindikiziramo dzulo lake kuti izolowere mpweya wa m'menemo. A NCR musawasanjikize milu yaitali kapena kukhalapo ngati mpando, timatumba tija timaphulika tokha. Makope ake akakhalitsa padzuwa amafufuluka.

Chachisanu ndi chimodzi: kuika pepala

Zimitsani makina. Kandodo kosankhira njira ya pepala kakankhireni pa chithunzi cha pepala la mabowo. Kakatsala pa pepala wamba, chigudumu cha labala ndi thirakitala zimalimbana, pepala n'kukwinyika.

Masulani maloko a timalamba tiwiri tija. Kakumanzere kaikeni pamalo pake motsatira chizindikiro cha pa makina, n'kukhoma. Tsekulani tizitseko ta pa mano, mulowetse mabowo oyambirira mbali zonse, ndipo muonetsetse kuti bowo loyamba kumanzere lili pa dzino lofanana ndi la kumanja. Kusemphanitsa ndi bowo limodzi lokha pepala limayenda chopendekera. Ngati pepala likulowera kumbuyo, mbali yolembapo iyang'ane pansi, chifukwa limazungulira chigudumu lisanafike pa singano. Likamalowera kutsogolo, iyang'ane kumwamba. Tsekani tizitseko, musunthe kalamba ka kumanja mpaka pepala liwongoke, koma osalikunga ngati ng'oma. Mukaona mabowo atasanduka ozungulira ngati dzira pambuyo posindikiza, ndiye kuti mwakoka kwambiri.

Katoni ikhale pansi kapena kumbuyo molunjika ndi thirakitala, pafupi, chivindikiro chake chitapindidwira kunja kuti pepala lisakhule. Lotuluka likhale ndi pogwera pakepake, lisabwerere m'makina, ndipo zingwe za magetsi zisadutse m'njira yake.

Kenako kandodo kachiwiri, komwe ambiri sakadziwa n'komwe: kotalikitsa mutu ndi pepala, kokhala ndi manambala, m'kati mukatsekula chivindikiro. Pa pepala limodzi kamakhala pa 0, ndipo kamakwera makope akamachuluka. Mutu ukayandikira kwambiri riboni imadetsa pepala ndi kukodwa. Ukatalikira, kope lapansi limatuluka lotuwa. Anthu akaona kope lotuwa amathamangira kugula riboni yatsopano, osadziwa kuti riboni imangolemba pepala lapamwamba lokha. Makope amalembedwa ndi mphamvu ya kumenya.

Yatsani makina, mudine Load/Eject, pepala likwere lokha. Chopukusira pepala cha pambali pa makina musachigwire makina ali oyaka. Mukapukusa ndi dzanja, pulinta imataya chiwerengero cha pomwe tsamba layambira, malo amene amati top of form. Ngati mzere woyamba ukufunika kukwera kapena kutsika pang'ono, gwiritsani ntchito mabatani a Micro Adjust, ndipo makina adzakumbukira.

Chachisanu ndi chiwiri: uzani kompyuta kutalika kwa tsamba

Pa Windows, pepala la 9.5 x 11 musankhire Letter. La mainchesi 12 lili pa mndandanda ndi dzina loti German Std Fanfold, lalikulu lija ndi US Std Fanfold. Theka la tsamba nthawi zambiri mumapanga nokha: pitani pa Print server properties, mutsekule Forms, musankhe Create a new form, mulembe mulifupi 8.5 ndi kutalika 5.5, mupatse dzina loti aliyense alizindikire. Mukatero lisankheni malo awiri, pa zosankha za pulinta komanso mu pulogalamu yotulutsa mainvoyisi, ndipo gwero la pepala likhale Tractor. Ngati invoyisi imatuluka ngati PDF, chotsani Fit to page, musankhe saizi yeniyeni, apo ayi zonse zidzafupikitsidwa n'kusemphana ndi mabokosi.

Mapulogalamu akale otumiza zilembo mwachindunji salabadira za Windows. Amangotumiza lamulo loti tsamba latha, form feed, ndipo pulinta imakoka motsatira kutalika komwe inauzidwa yokha. Pamenepo lowani mu zosankha za pa makina musinthe page length. Amene amalemba mapulogalamu angagwiritse ntchito lamulo la ESC C la chinenero cha Epson cha ESC/P, lotsatiridwa ndi chiwerengero cha mizere: 66, 72 kapena 33. M'zosankha momwemo muli skip over perforation, yomwe imadumpha inchi imodzi popindikira. Pa fomu yosindikizidwa kale izimitseni.

Chomaliza: yesani masamba asanu, osati limodzi

Tsamba limodzi silikuuzani kanthu. Sindikizani asanu motsatizana, muwayale patebulo, muyerekeze pomwe mzere woyamba wagwera.

Ngati onse alakwika mofanana, mwachitsanzo onse atsika mzere umodzi, vuto ndi poyambira tsamba, konzani ndi Micro Adjust. Ngati kulakwikako kukukula tsamba ndi tsamba, ndi kutalika, ndipo kukula kwa kusemphanako kumaulula chimene chachitika. Kutsika mamilimita 18 ndi A4 pa pepala la mainchesi 11. Kukwera mizere isanu ndi umodzi ndi Letter pa pepala la mainchesi 12. Kutsika mizere iwiri ndi mainchesi 12 pa pepala la 11 2/3. Kutulutsa fomu yopanda kanthu pambuyo pa iliyonse yolembedwa ndi mainchesi 11 pa pepala la 5.5. Koma ngati kulakwikako kulibe dongosolo, pena bwino pena ayi, yang'anani pepala lenilenilo: mabowo ong'ambika, katoni yokhala chammbali, kandodo kosankhira njira kosafika pamalo pake.

Pong'amba, dinani Tear Off kuti mzere wopingasa ufike pa mpeni wa chivindikiro, mung'ambe, ndipo pepala lidzabwerera lokha ntchito ina ikabwera. Mukayatsa auto tear off makina amachita zimenezi okha, ndipo simutayanso fomu imodzi pa kasitomala aliyense. Koma izi musachite ndi malebulo omata olumikizana. Amenewo asabwerere chammbuyo ngakhale pang'ono, chifukwa lebulo imamatuka n'kukakamira pansi pa chigudumu, ndipo kuichotsa pamafunika kumasula makina. Pochotsa malebulo, ng'ambani kumbuyo komwe akulowera, otsalawo muwatulutse chakutsogolo ndi batani lokokera pepala la LF/FF.